Kasankhidwe ka logo ndi silogani ya sisitimu yanu ya open source, gulu lisanathe ndi mikangano

Mukatenga Debian kapena Ubuntu, masisitimu a Linux oyendetsa kompyuta, nkuchotsamo zolemera zonse kuti iziyenda pa makompyuta akale aja amapezeka mmasukulu ndi mma reprografia a ku Ulongué kapena ku Moatize, nkuikamo Chichewa ndi Chipwitikizi, ndiye kuti mwapanga sisitimu yanuyanu ya open source, yoti aliyense atha kuitenga, kuona khodi yake (malangizo olembedwa amene amaiyendetsa), kuisintha, nkugawira mnzake pa fulashi. Pa nkhani ya khodi anthu sachedwa kugwirizana chifukwa chinthu chikakana kuyaka chakana basi, palibe chotsutsana. Koma ingofika nkhani ya logo ndi silogani, aliyense amasanduka katswiri, ngakhale uja sanalembepo mzere ndi umodzi omwe, nde gulu la pa WhatsApp limatha masabata likungoponyerana zithunzi za mikango ndi ziwombankhanga. Ndondomeko ndalemba apayi mfundo yake ndi imodzi: logo isafike pa voti isanadutse mayeso, ndipo silogani isalonjeze chinthu choti simungakwanitse.

Gawo 1: Lembani chiganizo chimodzi musanajambule kalikonse

Mukhale pansi anthu amene mukugwiradi ntchitoyi, mulembe chiganizo chimodzi chonena kuti sisitimuyi ndi ya ndani ndipo ikumuthandiza chani. Mwachitsanzo: iyi ndi sisitimu ya aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, yoyenda pa kompyuta yakale, yosafuna intaneti nthawi zonse. Basi. Mukalephera kugwirizana pa chiganizochi musapitirire, chifukwa mkangano mudzauone pa logowo ndi womwewu, wangobisala mu utoto. Chiganizochi si silogani ayi, ndi muyeso woti chithunzi chilichonse chikabwera muzichiyezera pamenepo.

Gawo 2: Tsimikizani kuti dzina ndi lanudi

Logo imamangidwa pa dzina, nde dzina likagwa zonse zagwa. Onani zomwe zinaachitikira a Mozilla. Bulawuza yawo inayamba ndi dzina loti Phoenix, kampani ina ya dzina lomwelo inadandaula, anasintha nkukhala Firebird, napeza kuti kuli kale pulojekiti ya database ya dzina limenelo, mpaka mu 2004 anakhazikika pa Firefox. Iwo anali ndi anthu ndi ndalama zosinthira kawiri. Inu mukasindikiza ma tisheti ndi ma sitika ndi ma metical osonkherana, kusintha kamodzi kokha kukupwetekani.

Nde sakani dzinalo pa DistroWatch, kumene kuli mndandanda wa masisitimu a Linux ndi BSD, musakenso pa GitHub ndi GitLab kumene anthu amasungako khodi, kenako pa Global Brand Database ya WIPO, bungwe la dziko lonse loona za umwini wa mayina ndi zizindikiro, imene ndi yaulere kusakapo. Muonenso ngati adiresi ya pa intaneti ilipo, monga ya .mz.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa: khodi kukhala yotseguka sizitanthauza kuti dzina ndi logo nazonso ndi zotola. Dzina la Ubuntu ndi bwalo lake lija la anthu atatu ogwirana manja ndi marca, kutanthauza chizindikiro cholembetsedwa mwalamulo, ya kampani ya Canonical, ndipo malamulo awo amati ukasintha sisitimu nkumaigawa, uchotsemo zizindikiro zawo pokhapokha atakuloleza. Mawu oti Linux enieniwo mwini wake ndi Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, ndipo ofuna kuwaika mu dzina la malonda amapempha chilolezo kudzera ku Linux Foundation. Ndipo musaganize kuti izi ndi zamapepala chabe. Kuyambira 2006 mpaka 2016 Debian imagawa Firefox pansi pa dzina loti Iceweasel, ndi logo ina, chifukwa sanagwirizane ndi a Mozilla pa za dzina ndi logo. Pafupifupi zaka khumi, pulogalamu yomweyo, mayina awiri. Choncho kutenga bwalo la Ubuntu nkulipaka utoto wina nkumati ndi lanu, iwalani.

Gawo 3: Logo ndi china, kanyama koyimira pulojekiti ndi china

Apa ndi pamene magulu ambiri amasokonezeka, nde ndikhalapo pang'ono. Aliyense akamva za Linux amakumbuka Tux, pengwini wonenepa uja wakhala pansi ngati wangomaliza kudya. Anamujambula Larry Ewing mu 1996 pogwiritsa ntchito pulogalamu yojambulira ya GIMP, chifukwa Linus Torvalds ankakonda ma pengwini, ndipo amakamba yekha kuti kapengwini kena kanamujompha ku Canberra, ku Australia. Tux ndi wokondeka, koma ndi masikoti, kanyama koti mutha kukaveka chipewa, kukapatsa khasu, kukaika pa tisheti. Ali ndi mithunzi, maso, mlomo, mapazi. Mukamuchepetsa kwambiri amangosanduka kadontho kakuda ndi kachikasu.

A FreeBSD, sisitimu inanso ya open source, anaphunzira izi atayenda nazo zaka zambiri. Chizindikiro chawo chinali Beastie, kamunthu kofiira ka nyanga, mchira ndi foloko ya mano atatu, kovala nsapato zamasewera. Kujambula kwake kunali kovuta kuchepetsa komanso kusindikiza ndi mitundu yochepa, ndiponso anthu ena akakaona amangoti ndi satana. Mu 2005 anachititsa mpikisano ndipo anapambana Anton K. Gural ndi mpira wofiira uja wa tinyanga tiwiri. Beastie sanamutaye, anangotsala ngati masikoti. A NetBSD nawo mu 2004 anasiya chithunzi chawo chakale cha tizilombo tambiri tikudzutsa mbendera, natenga mbendera imodzi yokha ya olenji, yosavuta. Tangoganizani mutalowa pa sukulu ya mishoni ku Angónia ndi kompyuta yoti ikayaka pakutuluka chinthu cha nyanga ndi foloko, a dayirekitala akulandirani bwanji? Mutha kufotokoza mpaka mawa kuti ndi nthabwala ya akatswiri a Unix, koma mwaluza kale.

Nde gwirizanani kuyambira pachiyambi: tikufuna logo kaye, chizindikiro chophweka. Kanyama kabwera pambuyo ngati alipo wodziwa kujambula, ndipo ngati palibe, sisitimu imayenda bwinobwino popanda kanyama. Debian ili ndi kamzere kozungulira kofiira kaja basi, kamene anajambula Raul Silva ndipo anakasankha mu 1999, mpaka lero kakugwirabe ntchito.

Gawo 4: Sefani zizindikiro ndi maso a kuno kwathu

Munthu wa ku Berlin sangakuuzeni izi, muyenera kuzidziwa nokha. Yambani ndi ndale. Chimanga ndi ng'oma ndi za Frelimo, nkhwali ndi ya Renamo, tambala ndi wa MDM, ndipo mukangodutsa pa Calómué kulowa ku Dedza tambala wakuda ndi wa MCP, chimanga ndi cha DPP. Ife alimi timakonda kuganiza za chimanga msanga tikafuna chizindikiro cha kwathu, koma mukachiika pa logo theka la anthu liziona chipani, osati kompyuta. Mbendera ya dziko ndi chizindikiro cha boma musazikhudze nkomwe, zimenezo zimatetezedwa ndi malamulo ndipo simungazilembetse ngati marca yanu.

Kenako za mwambo. Padzapezeka wina onena kuti tiike chigoba cha Gule Wamkulu, poti ndi chathu ndipo UNESCO inachilemekeza mu 2005 ngati chuma cha Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Ine ndimakana. Zimenezo zili ndi eni ake ndi malamulo ake kudambwe, ndipo logo ya open source anthu amaisintha mmene afunira, wina aiveka magalasi, wina aiika pa kapu ya mowa. Simungathe kuletsa, ndiye bwanji kuyamba dala mlandu ndi akuluakulu? Komanso a mipingo ina sadzaigwira nkomwe kompyutayo.

Nyama nazo zili ndi mbiri zake. Kadzidzi kwa azungu ndi nzeru, kwathu kuno akalira padenga anthu sagona. Fisi musayerekeze. Bilimankhwe ndi wa openSUSE kale, dzina lake Geeko, ndiponso mnthano zathu ndi uja anachedwa ndi uthenga, nde si mbiri yabwino kwa sisitimu yomwe mukuti ndi yachangu. Fulu chimodzimodzi. Nyumbu ndi ya GNU, njovu ili kale ndi PostgreSQL komanso PHP, mbewa ili pa Xfce, onsewa ndi mapulojekiti ena a open source. Kalulu ndi wochenjera inde, koma kuchenjera kwake ndi kopusitsa anzake, kaya mukufuna anthu aziika mafayilo awo mmanja mwa kalulu, zili ndi inu. Nkhanga ndi yokongola koma kukongola kwake kuli mmaanga, ndipo timadontho timeneto timafufutika logo ikachepa.

Zotsala zilipo zambiri. Mlambe uli ndi thupi loti ngakhale mwana atha kulijambula, ngakhale kuti makampani ambiri mu Africa muno anautenga kale nde muyenera kuupatsa kaimidwe kanukanu. Mlatho wa Samora Machel pa Zambezi uli ndi mizere yoonekera patali, koma funsani ngati wa ku Furancungo kapena ku Chifunde akuumva kuti ndi wakenso, kapena ndi wa anthu a mu mzinda wa Tete okha. Mbuzi ya ku Tete anthu amaseka mukaitchula, koma ine ndimaona kuti ndi ganizo labwino kuposa mkango: imapirira chilala, imadya zilizonse, ndipo mutu wake ndi nyanga zake zimajambulika ndi mizere yochepa. Mungosamala kuti nyangazo zisakubwezereni ku vuto la Beastie lija. Kapenanso osaika chinthu chilichonse, kungotenga chilembo choyamba cha dzina nkuchikonza bwino, ngati f wa Fedora.

Gawo 5: Lembani malamulo a mpikisano, makamaka za laisensi

Musangolemba pa gulu kuti tumizani ma logo. Lembani tsiku lotsekera, masabata atatu kapena anayi akwana, mukatalikitsa anthu amaiwala. Nenani kuti munthu mmodzi atumize zosaposa ziwiri kapena zitatu. Nenani kuti fayilo yomaliza ikhale SVG (mtundu wa chithunzi chosasweka mukachikulitsa), koma lolani kuti amene alibe kompyuta ajambule pa pepala ndi bolopeni nkutumiza foto, chifukwa ganizo labwino litha kuchokera kwa mwana wa sukulu amene pulogalamu yojambulira ya Inkscape sanaionepo, wina adzamuthandiza kulikonza.

Chachikulu ndi ichi: aliyense otumiza alembe poyera kuti chithunzicho wajambula yekha, ndipo akuvomera kuti chikapambana chidzatuluka pansi pa laisensi yakuti, mwachitsanzo CC BY-SA 4.0, imene imalola ena kuchigwiritsa ntchito ndi kuchisintha bola atchule wojambula nkuchigawa pansi pa laisensi yomweyo. Alembe asanapambane, osati atapambana. Anthu amayambana, wina amapeza ntchito ku Beira nkusiya kuyankha mafoni, wina amakwiya nkunena kuti chotsani logo yanga. Ngati palibe cholembedwa, mwini chithunzi ndi iye ndipo mulibe ponena. Larry Ewing anachita bwino pa Tux, analola aliyense kumugwiritsa ntchito ndi kumusintha bola azitchula iye ndi GIMP wina akafunsa, nchifukwa chake Tux ali paliponse lero.

Kanizani zotola pa Google. Kanizaninso zopangidwa ndi tizithunzi tokonzeratu ta mu Canva, chifukwa malamulo a Canva salola kulembetsa tizithunzi timeneto ngati marca, ndipo munthu wina ku Lusaka atha kukhala ndi kofanana ndendende. Za AI mutha kuzigwiritsa ntchito pofufuza maganizo, koma chomaliza munthu achijambule ndi manja ake, kuti pakhale wina woti anganene kuti ichi ndi changa ndipo ndachipereka.

Gawo 6: Kajambulidwe

Yambani ndi chakuda pa choyera, utoto ubwere kumapeto. Chizindikiro chikakhala chosamveka mu chakuda, utoto sungachipulumutse. Gwiritsani Inkscape, ndi yaulere, ndi ya open source, imayenda pa Linux ndi pa Windows pomwe, ndipo imatulutsa SVG yoti mutha kuikulitsa kufika pa chikwangwani cha pamsewu osasweka. GIMP ndi Krita ndi zabwino pa masikoti ndi wallpaper, koma pa logo ayi, chifukwa zimagwira ntchito ndi mapikiselo.

Mitundu ikhale iwiri, ikachulukitsa itatu, yopanda kusakanikirana kuja kochoka ku buluu kupita ku pepo pang'onopang'ono. Wosindikiza ma tisheti ndi serigrafia amawerengera mtengo pa mtundu uliwonse, nde mtundu wachinayi ndi ndalama. Ganiziraninso kuti kuno chofiira chimakumbutsa Vodacom kapena chipani, olenji ndi Movitel komanso Ubuntu yemwe. Sindikuti musazigwiritse ntchito, koma mudziwe zomwe anthu aziona. Musadalire kusiyana kwa chofiira ndi chobiriwira kokha, alipo anthu, makamaka amuna, amene mitundu iwiriyi saisiyanitsa bwino. Mukasankha, lembani nambala ya mtundu uliwonse, ija imayamba ndi #, osamangoti buluu wakumwamba.

Fonti ikhale ya laisensi yotseguka, zambiri za pa Google Fonts zili pansi pa SIL Open Font License. Musanaikonde, lembani nayo ŵ, ng', ã, õ, ç ndi é muone ngati zonse zikutuluka bwino, chifukwa ife timalemba zilankhulo ziwiri ndipo fonti zina zokongola zikafika pa ŵ zimangoika kabokosi. Pomaliza sandutsani zilembo za mu logo zikhale ma path, kutanthauza mizere yojambulidwa, mu Inkscape, kuti fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda fontiyo isasinthe maonekedwe.

Gawo 7: Mayeso, voti isanachitike

Ili ndiye gawo limene ndikulimbikira kwambiri. Paja amati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, logo yowala pa sikirini ya foni yodula imatha kukhala yopanda ntchito kwina konse. Sankhani anthu awiri kapena atatu amene sanatumize chithunzi, ayese chilichonse motere.

Achichepetse kufika pa mapikiselo 16 kwa 16, kukula kwa kachizindikiro ka pa tabu ya bulawuza, kenako 32 ndi 48. Ngati pa 16 simukuzindikira kuti ndi chani, chagwa. Apa ndi pamene mikango ya manyenje ndi mapu a chigawo chonse cha Tete okhala ndi mtsinje mkati zimafera.

Apite nacho pa reprografia, asindikize chakuda ndi choyera, kenako afotokope kopeyo, nkufotokopanso kope ya kopeyo, makamaka pa makina oti tona yatsala pang'ono kutha, poti ndi mmene mapepala a kusukulu amayendera. Afunsenso wopanga ma karimbo ngati angathe kuchidinda, iyeyo akangoti mizere iyi ndi yopyapyala kwambiri mumvereni.

Achiike pa chakuda ndi pa choyera, chifukwa kompyuta ikamayaka sikirini imakhala yakuda pomwe pepala ndi loyera. Achiike mu bwalo ngati foto ya pa WhatsApp ndi Facebook, aone ngati makona sakudulidwa. Achitembenuze chadodolido ndi chammbali, pena chinthu chosalakwa chikatembenuka chimaoneka zolaula ndipo ana a sukulu ndi amene amayamba kuzitulukira. Achisake ndi Google Lens kuti aone ngati sichikufanana ndi cha kampani ina.

Mayeso omaliza ndi a anthu. Muonetseni mayi wogulitsa mbatata pa msika, woyendetsa txopela, mphunzitsi, kwa masekondi ochepa, mubise, muwafunse kuti mwaona chani. Musawafunse ngati chili chokongola, aliyense adzati eee chili bwino pofuna kukusangalatsani. Mwana mumupatse choko achijambule pa bolodi kuchokera mmutu. Akatha, logoyo ndi yolimba. Zomwe zadutsa zonsezi, mwina zitsala zitatu kapena zinayi, ndi zokhazo zopita ku voti.

Gawo 8: Silogani

Tiyeni tione za anzathu kaye. Debian imati "The Universal Operating System", kutanthauza sisitimu ya aliyense ndi makina alionse, ndipo ili ndi pomwe yaimira chifukwa imayendadi pa mitundu yambiri ya makompyuta. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004, inatchuka ndi "Linux for human beings", kunena kuti iyi ndi Linux ya anthu wamba, nthawi imeneyo Linux inkaoneka ngati ya akatswiri okhaokha. FreeBSD imati "The Power to Serve", ndipo ma seva ndiye kwawo. NetBSD imati "Of course it runs NetBSD", monyadira kuti makina alionse mungabweretse iyo iyendapo. Onani kuti iliyonse yatenga chinthu chimodzi chokha, ndipo ndi chinthu choona.

Phunziro lalikulu lili kwa OpenBSD, sisitimu inanso ya BSD. Iwo ankalemba kuti atha zaka zisanu popanda bowo la chitetezo loti munthu wakutali nkulowerapo pa sisitimu yongoikidwa kumene. Mu 2002 bowo linapezeka mu OpenSSH, pulogalamu yolowera pa kompyuta uli kutali, anasintha nkulemba kuti bowo limodzi. Mu 2007 linapezeka lachiwiri, anasinthanso, mpaka lero amalemba kuti mabowo awiri okha pa nthawi yaitali kwabasi. Iwowa zinawakhalira bwino chifukwa ananena zoona poyera ndipo mbiri yawo pa chitetezo ndi yolimbadi, koma inu gulu la anthu ochepa musaike nambala kapena lonjezo lotere mu silogani. Zonga "siigwidwa ndi vairasi", "siifa", "yoyamba mu Africa", zisiyeni. Tsiku limodzi idzaima pamaso pa kalasi yonse ndipo ana adzakuimbirani silogani yanu yomweyo.

Bwererani ku chiganizo cha mu gawo 1 chija, muchifinye chitsale mawu atatu mpaka asanu. Tiyese. "Tekinoloje ya tsogolo lowala" ndi yopanda kanthu, mutha kuiika pa banki, pa feteleza, pa chipani, paliponse ikwana, nde si yanu. "Kompyuta yakale, ntchito yatsopano" ili bwinoko, ikunena za vuto lenileni ndipo ili ndi kamvekedwe ka mbali ziwiri kamene makutu athu amakonda. "Tenga, sintha, gawira mnzako" ikufotokoza open source yonse popanda mawu achilendo, koma ikulankhula ngati kwa mwana kapena mnzako wa msinkhu umodzi, nde ngati mukupita nayo kwa aphunzitsi ndi a boma ikhale "Tengani, sinthani, gawani". Kusankha pakati pa iwe ndi inu ndi nkhani yoti mukambirane mofatsa, chifukwa ikuonetsa amene mukumulankhula.

Mawu oti yaulere samalani nawo. Laisensi ya GPL, imene Linux imayendera, siletsa kulipiritsa, ndipo mnyamata amene aziyenda ndi fulashi kuikira anthu sisitimuyi ayenera kulandira kangachepe pa ntchito yake. Mukalemba yaulere pa sitika, kasitomala adzamuuza kuti mesa munati ndi yaulere, mkangano nkuyamba.

Za chilankhulo: kuno mufunika ziwiri, ya Chichewa ndi ya Chipwitikizi, mwinanso ya Chinyungwe ngati mukulowa mu mzinda wa Tete, Changara ndi Cahora Bassa. Musamasulire liwu ndi liwu, mupatseni wodziwa bwino chilankhulocho ganizo lokha, alipange mwa iye yekha. Gwirizananinso za kalembedwe, chifukwa mabuku a kuno amalemba Cinyanja ndi c pomwe kutsidya kwa Zóbuè amalemba Chinyanja ndi ch. Njira yachidule ndi kusankha mawu opanda chilembo chimenechi, ngati chitsanzo chija cha "Tengani, sinthani, gawani", chimene chilibe. Kenako itchuleni mokweza, muitumize pa voice note, muyerekeze kuti akuiwerenga pa rádio comunitária. Lilime likapunthwa, sinthani. Ndipo silogani isamatiridwe mkati mwa logo, ikhale payokha pansi pake, kuti logo izitha kuyenda yokha pamalo opanikiza komanso silogani mutha kudzaisintha osakhudza chizindikiro.

Gawo 9: Voti

Nenani msanga kuti ovota ndi ndani. Mukatsegula kwa aliyense pa Facebook, apambana ndi amene ali ndi abale ambiri. Ine ndimakonda kuti anthu onse apereke maganizo, koma voti yeniyeni ikhale ya amene agwirapo ntchito, kaya khodi, kumasulira, kuyesa kapena kuphunzitsa ena. Bisani mayina a ojambula, muike A, B, C. Aliyense asanje zonse kuyambira yomwe waikonda kwambiri mpaka yotsiriza, osangosankha imodzi, chifukwa ma logo awiri ofanana amagawana mavoti nkupambanitsa yachitatu imene ambiri saifuna. A Debian amavota mosanja chonchi ndi njira ya Condorcet, koma inu kungopereka mapointi 3, 2, 1 nkuwonkhetsa zikwanira. Muikeponso bokosi loti palibe yomwe ndaikonda, likapambana limenelo muyambirenso. Logo ndi silogani muvotere padera. Zotsatira zikatuluka lengezani manambala onse poyera, muthokoze onse anatumiza, ndipo mugwirizane kuti nkhaniyi siitsegulidwanso kwa zaka zingapo. Ubuntu yasintha maonekedwe a logo yake mu 2010 ndi mu 2022, koma anthu atatu aja sanachokepo.

Gawo 10: Ikani mu sisitimu ndi kulemba malamulo ake

Pangani foda imodzi mu git ya pulojekiti, mmene mumasungamo khodi. Muikemo SVG ya mitundu, ya chakuda chokha, ya choyera chokha, ina yokhala ndi dzina pambali, ina yopanda dzina, ndi ma PNG a 16, 32, 48, 128, 256 ndi 512. Ya 16 ija nthawi zambiri imafunika kuikonza ndi manja, kuchotsako tina nkunenepetsa mizere. Muikemonso fayilo ya laisensi, dzina la wojambula mmene iye akufunira kutchulidwa, nambala za mitundu ndi dzina la fonti.

Mkati mwa sisitimu, sinthani fayilo ya /etc/os-release, pa NAME ndi PRETTY_NAME muike dzina lanu, pa LOGO dzina la chizindikiro chanu, ndipo pa ID_LIKE muike debian kapena ubuntu kuti mapulogalamu azidziwa kumene mwachokera. SVG ipite mu /usr/share/icons/hicolor/scalable/apps. Kenako sinthani chithunzi cha GRUB (menyu yosankhira sisitimu poyatsa), cha Plymouth chimene chimaoneka kompyuta ikamayaka, cha polowera ndi pasiwedi, wallpaper ndi cha mu installer, kumeneko ndi kumene logo yakale imakonda kubisala. Zonsezi muzimange mu phukusi limodzi la .deb lapadera, kuti wina akadzafuna kupanga yakeyake kuchokera pa yanu angochotsa phukusi limodzi basi. Ngati muli ndi nthawi pangani ndi ya zilembo zokhazokha yoonekera mu fastfetch, kapulogalamu koonetsa zambiri za kompyuta yanu, anyamata amakonda kujambula sikirini imeneyo nkuponya pa status.

Lembani tsamba limodzi lonena zololedwa: kusindikiza tisheti ndi sitika, inde, kulemba kuti ndimaika sisitimu yakuti pa shopu yanga, inde, kusintha sisitimu nkumaigawa ndi dzina ndi logo yomweyo ngati yachokera kwa ife, ayi. Pulojekiti ikakula mpaka kuyamba kulowa mmapangano ndi masukulu kapena mabungwe, lembetsani dzina ndi logo ku IPI, Instituto da Propriedade Industrial, mu kalasi 9 imene muli mapulogalamu a kompyuta, ndi 42 ngati mukuperekanso ntchito zothandiza anthu pa mapulogalamuwo. Ofuna kutetezanso ku Malawi afunse za njira ya ARIPO ya ku Harare, bungwe lolembetsa ma marca mmayiko angapo a mu Africa. Kulembetsako kukhale mu dzina la bungwe lanu, osati la munthu mmodzi, monga mmene dzina la Debian amalisungira a Software in the Public Interest, nde ngati gulu lanu silinalembetsedwe ngati associação, yambani ndi zimenezo.